Ahmedabad: Mzinda Umene Ulimbana ndi Dzuwa ndi Cambiko ndi Mtsuko

Kumadzulo kwa dziko la India, m'cigawo ca Gujarat, kuli mzinda waukulu wochedwa Ahmedabad. Unamangidwa m'caka ca 1411 ndi mfumu Ahmad Shah m'mbali mwa mtsinje wa Sabarmati, ndipo pa kalembera wa 2011 munapezeka anthu oposa mamiliyoni 5. Ku Gujarat komweko ndi kumene kunacokera makolo a Amwenye ambiri amene anafika ku Chipata, kale Fort Jameson, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 nakhazikitsa masitolo. Ambiri adziwa Amwenye pa malonda, koma ndi ocepa amene adziwa za dzuwa la kwao ndi nzeru zimene anthu a kumeneko apulumukira nazo.

Nyengo yotentha ku Ahmedabad iyamba mu March ndi kufika pacimake mu May. Mvula siyembekezeka kufikira pakati kapena kumapeto kwa June. M'masiku amenewa kutentha kupitirira madigiri 40 kawiri-kawiri, ndipo masana kuomba mphepo youma, yotentha ngati yocokera m'ng'anjo, imene Amwenye aicha loo. Mu May 2016 mzindawu unafika pa madigiri 48, ndipo m'mwezi womwewo tauni ya Phalodi, m'cigawo coyandikana ca Rajasthan, inafika pa madigiri 51.

Mlendo wolowa m'cigawo cakale ca mzindawu apeza timakwalala topapatiza tochedwa pol, m'mene nyumba zazitali zigundizana kotero kuti dzuwa libvutika kufika pansi. Nchito iyamba mbandakuca. Pofika masana masitolo ambiri atsekedwa, misewu ingoti zii, ndipo agalu omwe abisala kunsi kwa ngolo. Dzuwa likapendeka mzinda udzukanso, ndipo pa bwalo la Manek Chowk anthu adya ndi kuceza kufikira usiku waukulu.

Cida coyamba ca banja liri lonse pa nkhondo imeneyi ndi mtsuko wadothi. Ngakhale m'nyumba zina zimene muli firiji, mtsuko sucoka pa malo ace. Cinsinsi cace n'cakuti dothi looca liri ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi atulukiramo pang'ono-pang'ono, ndipo pouma ndi mphepo acotsa kutentha kwa madzi otsala m'kati. Thupi la munthu licita cimodzi-modzi ndi thukuta. M'mbali mwa misewu anthu acifundo aimika zisakasa zochedwa parab, m'mene aika mitsuko yokutidwa ndi nsaru zonyowa. Ali yense wodutsa, wolemera kapena wosauka, amwa kwaulere, pakuti kumeneko kupatsa madzi munthu waludzu kuyesedwa nchito yopatulika.

Caciwiri ndi chaas, cakumwa ca cambiko. Mai wa pa nyumba atenga mkaka wosasa, authira madzi ambiri, naupukusa ndi kamtengo kamphanda kufikira ucita thobvu. Pamenepo athiramo mcere pang'ono ndi njere zonunkhira zokazinga zochedwa jeera. Cakudya ca masana m'Gujarat sicitha popanda cikho ca chaas. Mlimi apita naco kumunda, womanga nyumba amwa pa nthawi yopuma, ndipo kabungwe ka alimi a ng'ombe ndi njati za mkaka ka Amul, kamene kanayamba m'tauni ya Anand m'caka ca 1946, kagulitsa chaas m'timapaketi. Ubwino wace ndi woonekeratu: munthu akacita thukuta sataya madzi okha, ataya ndi mcere womwe, ndipo chaas ibweza zonse ziwiri popanda kulemetsa m'mimba.

Cacitatu cicokera ku mtengo wa mango. Ku India mango akhwima m'nyengo yotentha yeni-yeni. Akali awisi, amai awawiritsa kapena kuwaoca pa makala, nasenda, nafinya mnofu wace m'madzi ozizira a mumtsuko. Athiramo shuga wofiira wa nzimbe, mcere ndi jeera. Kumpoto kwa India cakumwa cimeneci cichedwa aam panna, koma a ku Gujarat acicha baflo. Acipatsa maka-maka munthu amene wacokera padzuwa. M'misika mupezekanso madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo, madzi a mandimu amcere, madzi a kokonati wamuwisi, mabvwende ndi nkhaka.

Zakudya nazo zisintha ndi nyengo. Mafuta acepetsedwa, ndipo madzulo mabanja ambiri aphika khichdi, ndiko kuti mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza kufikira ufewa, nadyera msuzi wa cambiko wochedwa kadhi. Pambali pa mbale sipasowa anyezi wamuwisi. Mwambo umenewu uli ndi mizu yace m'ciphunzitso cakale ca mankhwala cochedwa Ayurveda, cimene cigawa zakudya m'magulu: zina ziyesedwa zotenthetsa thupi, zina zoziziritsa. Madokotala a masiku ano sabvomereza zonse za ciphunzitso cimeneci. Mwacitsanzo, ena akhulupirira kuti kuika anyezi m'thumba kuteteza munthu ku mphepo ya loo, koma palibe umboni wace. Cimene onse agwirizanapo ndi ici: madzi okwanira, mcere pang'ono, cakudya copepuka ndi mthunzi.

Makolo a kumeneko anamanganso malo othawirako dzuwa. Pa mudzi wa Adalaj, kumpoto pang'ono kwa mzindawu, pali citsime ca makwerero comangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Citsika pansi nyumba zosanjikizana zisanu, zonse za miyala yosemedwa mwaluso. Munthu akamatsika amva mpweya uli kuzizira, ndipo kale amalonda apaulendo anali kupumula m'menemo pamodzi ndi amai odzatunga madzi.

Komabe nzeru za m'khichini ziri ndi malire ace, ndipo Ahmedabad anaphunzira cimeneci ndi misozi. Mu May 2010 kutentha kunapitirira madigiri 46, ndipo ofufuza atawerenga anapeza kuti m'mwezi umenewo munafa anthu oposa 1,300 pamwamba pa ciwerengero ca masiku onse. Dzuwa lotere ligwira msanga nkhalamba, makanda, odwala ndi anthu amene sangaleke nchito ya padzuwa popeza akapuma ndiye kuti ana agona ndi njala. Cikho ca chaas sicingapulumutse munthu wogona m'kanyumba ka malata kopanda mazenera.

Pa cifukwa ici, m'caka ca 2013 akulu a mzinda anakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi kutentha, loyamba la mtundu wace kumwera kwa Asia. Odziwa za nyengo akaona kuti kudza masiku oopsa, cenjezo liperekedwa pasadakhale pa wailesi, m'manyuzi ndi pa mafoni, ndi zizindikiro za mitundu yosonyeza ukulu wa ngozi. Malo omwera madzi aonjezedwa, anchito a m'zipatala aphunzitsidwa kuzindikira msanga munthu wogwidwa ndi dzuwa, ndipo madenga a nyumba za osauka apakidwa utoto woyera kapena njereza kuti abweze dzuwa. Mizinda ina yambiri ya ku India inatengerapo citsanzo.

Zizindikiro zimene anthu a kumeneko aphunzitsidwa n'zoyenera kuzidziwa pali ponse pamene dzuwa liomba kolimba: mutu kuwawa, cizungulire, kufooka ndi mkodzo wocepa wofiirira. Munthu akayamba kubwebweta kapena kukomoka thupi liri moto, mankhwala si cakumwa ai. Aikidwe pamthunzi, athiridwe madzi thupi lonse, akupizidwe, ndipo atengedwe kucipatala mosataya nthawi.

Akulu-akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka ku Ahmedabad sikafuna ndalama zambiri: mtsuko wobvundikira bwino pamthunzi, cambiko cosungunula ndi madzi oyera, mango awisi owiritsa, kamcere ka pa nsonga za zala, ndi kulemekeza dzuwa la masana posalimbana nalo.