KU MVERA NDINAPHUNZIRA KUTSEGULA PAKAMWA

Zaka 28 ndakhala ndikuima pamaso pa ana a sukulu, choko m'manja, ndipo sindikumbuka tsiku limene maondo anga anagwedezeka. Koma mukandiimika pamaso pa anthu aakulu, ine ndemwe ndimasanduka mwana. Chisankhidwire changa kukhala mkulu wa mpingo ndakhala ndikuzemba gome monga mbuzi izemba mvula. Ikafika sabata yanga yolalikira chifukwa sichisowa: mwina chifuwa, mwina ulendo, mwina mayeso a ana.

Mwezi wa Julayi chaka chatha unafika uthenga wakuti aphunzitsi anga akale, amene anandigwira dzanja polemba chilembo choyamba, atisiya kumudzi kwao kufupi ndi Mvera. Anzanga amene ndinaphunzira nawo anapangana kuti ndikalankhule ndine m'malo mwa ophunzira onse. Pamenepa panalibe pothawira, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinakwera minibasi ku Lilongwe kutsata mseu wa ku Salima. Dzinja linali litapita, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo m'minda munatsala mapesi okhaokha. Titapitirira Chezi dziko linayamba kusintha. Chidikha cha ku Lilongwe chinatsala m'mbuyo, mseu unayamba kukhotakhota pakati pa mapiri a m'boma la Dowa, kutsetserekera kuchigwa cha kunyanja. Anzanga m'galimoto ankacheza za mitengo ya feteleza, koma ine ndinali kubwereza mumtima mau amene ndinalemba pa mapepala anayi, ndipo ndikawabwereza ankandithawa.

Popeza maliro anali oika mawa lake, ndinayamba ndakwera ku mishoni dzuwa lisanalowe. Amene simunafikeko dziwani kuti Mvera ndiye chitsa cha Sinodi wathu. Pano ndi pamene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga hema wao pa 28 Novembala 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo likulu la mishoni linali pompano lisanasamukire ku Nkhoma. Malowo ngokwera, mphepo ya mwera imaomba mosabisa, ndipo ukaima pabwalo maso amapita kutali pamwamba pa zitunda ndi midzi.

Nditaima pamenepo ndinayamba kulingalira. Anthu awiri aja anali anyamata, ndipo chinenero chathu sichinali chao. Buku Lopatulika lathunthu linadzatuluka mu 1922, patapita zaka zoposa 30. Nanga tsiku loyamba kuimirira pamaso pa Angoni ndi Achewa, lilime likupunthwa pa mau achilendo, mitima yao inali bwanji? Nanga Abusa Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza, oyamba mwa anthu athu kudzozedwa ubusa mu 1925, maso onse ali pa iwo? Akadadikira kuti mantha ayambe atha, bwenzi ine ndi inu tilibe pokapemphera.

Usiku tinagona pasiwa. Amai a Chigwirizano ankaimba m'nyumba, ife amuna tili panja kuzungulira moto. Pambali panga panakhala nkhalamba ina, mkulu wa mpingo wopuma, atafunda bulangete mpaka m'makutu. Anaona ndikuunika mapepala anga ndi tochi ya pafoni ndipo anafunsa:

"Aphunzitsi, kodi mayeso ndi mawa?"

Ndinaseka mwamanyazi ndi kuwaululira zonse. "Agogo, ine pagulu ndimauma pakamwa. Mtima umagunda ngati ng'oma, manja amachita thukuta, ndipo mau amatuluka onjenjemera."

"Mwana wanga," anatero akusonkheza chikuni, "ine ndalalikira zaka zambiri, koma kufikira ulaliki wanga womaliza m'mimba munkatentha ndisanakwere pa gome. Tsiku limene mudzaimirire osamva kanthu, mudzadziwe kuti mwayamba kupeputsa anthu. Koma tandiuzani, mawa anthu akubwera kudzaona inu kapena kudzalira malemuwa?"

Funso limeneli linandilasa. Ndinazindikira kuti muzu wa mantha anga unali kudziganizira ndekha: andiona bwanji, anena chiyani, ndikaphonya aseka. Ana a sukulu sindiwaopa chifukwa ndikakhala nawo maganizo anga onse amakhala pa phunziro ndi pa iwo, osati pa ine.

Agogo aja anatenga mapepala anga nawayeza m'dzanja. "Awa ngambiri. Munthu wolira sasenza mtolo waukulu. Sankhani zinthu zitatu zimene malemuwa anakuchitirani. Mau oyamba okha muwaloweze pamtima, chifukwa ng'ombe zikangodzutsa ngolo, kotsalako imayenda yokha. M'mawa mupite mukaime pamalo pomwe mudzalankhulirepo, miyendo ipazolowere. Mukaitanidwa musathamange. Pumani kaye, ndipo mupeze nkhope imodzi yachifundo muyambe kulankhula ndi imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndili chigonere pamphasa ndinakumbukira zimene timawerenga m'mabuku a sayansi. Munthu akaona choopsa, thupi limathira m'magazi timadzi totchedwa adirenalini. Timeneti timafulumizitsa mtima, timatumiza magazi ambiri ku minofu ya miyendo ndi manja, ndipo malovu amachepa m'kamwa. Mlengi anatipatsa zimenezi kuti tithe kuthawa chilombo, koma thupi silisiyanitsa kambuku ndi khamu la anthu. Tsono kunjenjemera si matenda, si tchimo, ndiponso si umboni wakuti munthu sanaitanidwe. Kupuma pang'onopang'ono, makamaka kutulutsa mpweya mosafulumira, kumathandiza mtima kubwerera m'malo. Ndinakumbukiranso kuti Mose anadandaula za lilime lake pa Eksodo 4, Yeremiya anadziona wamng'ono, ndipo Paulo yemwe anavomera kwa Akorinto kuti anafika kwa iwo ali ndi mantha. Onsewa Mulungu sanawachotse pa ntchito.

Kutacha, adzukulu ali kumanda, ndinapita pansi pa mtengo wa mango pamene anaika mipando ya mafumu. Ndinaima pamenepo ndekha, ndinanena mau anga oyamba mokweza katatu, kenaka ndinapemphera.

Mwambo unayamba dzuwa lili pamutu. Analankhula a kubanja, analankhula a mfumu, kenaka ndinamva dzina langa. Mtima unagunda monga kale, sindinama ai. Koma ndinayenda mosafulumira, ndinapereka ulemu kwa Abusa ndi kwa mafumu, ndinapuma kawiri, ndipo maso anga anagwa pa mai wamasiye atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi. Ndinalankhula ndi iwo. Ndinawauza za sileti limene amuna awo anandipatsa langa litasweka, za tsiku limene anayenda wapansi kudzapempha bambo anga kuti ndisasiye sukulu chifukwa cha ubusa wa ng'ombe, ndi za Sabata limene anandiimika kuwerenga Mau koyamba. Pa chachiwiricho mau anga anagwedezeka ndipo ndinakhala chete kanthawi. Palibe anaseka. Amai aja anangogwedeza mutu, ndipo ndinapitiriza mpaka kumapeto. Mapepala anayi aja sanatuluke m'thumba.

Pobalalika agogo aja anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, mwakhoza mayeso. Tsono kwanuko musakazembenso." Chibwerere ku Mvera ndalalikira kanayi, ndipo ulendo uliwonse m'mimba mumatentha ndithu, koma ndimakwera. Zoona, mau a akuluakulu akoma akagonera.

Abale ndi alongo, m'mipingo mwathu muli ambiri onga ine: mai amene amakana kutsogolera pemphero ku Chigwirizano, mnyamata amene amabisala ikafika nthawi yowerenga Mau, mkulu amene amadwala sabata yake ikayandikira. Tisawaseke, ndiponso tisawaponye pa gome mwadzidzidzi. Tiyambe nawo pang'ono, pa mapemphero a m'banja madzulo, kenaka a m'mudzi, kenaka m'kachisi. Makolo, mpatseni mwana vesi awerenge mokweza pakhomo, ndipo akaphonya mudikireni amalize musanamkonze. Ndipo inu amene mukuopa, dzina lanu likadzaitanidwa, imirirani ndi mantha anu omwewo. Ambuye amene anapanga pakamwa adzakhala nanu.