Masilinda awiri, mfuti imodzi

Mfuti yanga ndi yaing'ono moti ikagona m'dzanja zala zimaibisa yonse. Ndi revolver ya North American Arms, kampani ya ku Provo ku Utah. Imalowa zipolopolo zisanu basi, ndipo pofuna kuikamo zina umasolola kachitsulo kapakati, silinda yonse n'kutuluka. Ndinaigula nditayamba ntchito ya usiku kuno ku Indiana, yosamalira okalamba, ntchito yoweruka kusanache n'kuyenda wekhawekha kukafika pomwe unaimika galimoto. Amayi ku Dedza sadziwa. Kwathu mfuti n'za apolisi ndi asilikali, nanga ndingayambe bwanji kuwauza pa foni kuti mwana wawo wamkazi ali nayo m'chikwama?

Kugula sikunavute. Chinavuta n'kuphunzira. Mfutiyi inabwera ya .22 Magnum, zipolopolo zomwe a Winchester anatulutsa mu 1959, ndipo kabokosi ka 50 kamandidyera ndalama zomwe ndikanagulira timabokosi tingapo ta .22 Long Rifle. Komanso kamfuti kotere n'kamwano. Chogwirira n'chachifupi, mpope n'ngwaufupi, dzanja likangonjenjemera pang'ono chandamale waphonya. Kamafuna kuwomba kambirimbiri kuti ukazolowere. Ine ndinkati ndikakhethemula kamodzi, m'mutu n'kumachotsera pa ndalama yotumiza kumudzi mwezi ukatha. Ndiye uwombe bwanji bwino mtima uli pa masamu?

Ena amati ingoikamo za Long Rifle, zimalowa. Kulowa zimalowadi, koma ayi ndithu. Mitundu iwiriyi imafanana poti zonse zimayakira m'mphepete mwa chigoba, pomwe kanyundo kamamenya. Koma chigoba cha Magnum n'chachitali ndiponso chonenepa pang'ono, choncho cha Long Rifle chimakhala khwepekhwepe m'bowo la Magnum. Chikaphulika chilibe potsamira, chikhoza kung'ambika, mpweya wamoto n'kutulukira kosayenera. Pa mfuti yomwe zala zako zili pafupi chonchi ndi silinda, si zoseweretsa.

Njira yake ndi silinda yachiwiri, yoboola mwa muyeso wa Long Rifle. Mpope susintha, chifukwa nsonga za zipolopolo ziwirizi n'zofanana kunenepa, kusiyana kwake n'kochepetsetsa. A Ruger amachita zomwezo ndi Single-Six yawo, ina amaigulitsa ndi masilinda awiri m'bokosi. Yanga ndinaitumiza kufakitale kuti akaiyeze okha, poti bowo lililonse liyenera kuima ndendende kumaso kwa mpope kanyundo kasanagwe. Masabata amene inali kulibe ndinkapempha mnzanga wa ku ntchito kuti tizitulukira limodzi.

Itabwera ndinagula zipolopolo 500 nthawi imodzi, bokosi lomwe kuno amalitcha brick. Loweruka lililonse ndikawomba 50 kapena 100 osawerenga. Chala chachikulu chinaphunzira kukoka kanyundo osayang'ana, n'kuphunziranso kukagoneka m'kampata kapakati pa mabowo awiri, momwe kamayenera kukhala mfuti ikakhala m'chikwama. Zotchipazi zili ndi khalidwe lake, eti. Mtovu wake ndi wopaka phula, umadetsa, ndiye ukafika kunyumba ntchito yotsuka ikudikira. Nthawi zina china chimangoti khe, osaphulika.

Koma Long Rifle imanyengerera. Imakankha mofatsa, kulira kwake n'kopiririka, umayamba kudziona ngati katswiri. Magnum mu mpope waufupi chonchi ndi nyama ina: wonga wina umapsera kunja, moto umaoneka kutsogolo, phokoso limalowa mpaka m'mano ngakhale utatseka makutu, ndipo chipolopolo sichigwera ndendende pomwe zinzake zotchipa zimagwera. Ndipo yomwe ndimayenda nayo usiku ndi Magnumyo.

N'chifukwa chake ndisanachoke pamalo ophunzirira kuwomba ndimasolola kachitsulo kaja, n'kubwezeramo silinda yoyamba. Ndimawomba zisanu zokha, pang'onopang'ono, ndipo ndimazimvabe m'chikhatho ndikugwira chiwongolero pobwerera.