Belu litasiya kulira

Ndakhala chete kwa kanthawi, mundikhululukire, makope a Fomu 4 sachitira munthu chisoni. Lero ndikufuna ndiulule kanthu komwe ndakhala ndikubisa ngakhale kwa anzanga omwe timamwera limodzi tiyi pa buleki.

Ambiri a inu munkandidziwa ngati patironi wa SCOM. Mapemphero a pa asembule anali anga, misonkhano ya sukulu zoyandikana ndinkakonza ndine, kutchalitchi nako ndinali m'makomiti awiri. Koma chilungamo chake, panapita zaka ndisanatsegule Baibulo chifukwa cha moyo wanga. Ndinkalitsegula monga ndimatsegulira silabasi, kufunafuna zoti ndikauze ena. Ndinali chipande, chomwe chimaomolera nsima banja lonse koma chokha sichikhuta.

Woyamba kuona anali akazi anga. Tsiku lina ndikuchonga makope usiku anangoti, "Bambo, ana a eni mumawalalikira za mtendere, koma mukangolowa pakhomo pano ana anu amathawira kuchipinda." Ndinakwiya. Ndinawayankha kuti ndatopa ndi ntchito ya Mulungu. Taonani yankho lakelo!

Kenako pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Belu linasiya kulira. Kunalibe asembule, kunalibe SCOM, kunalibe wondimvera. Ndinati tsopano ndapeza nthawi yopemphera, koma nditakhala pansi ndinalephera kutha ngakhale mphindi zisanu. Maganizo ankangothawira ku ngongole, ku fizi, ku feteleza. Ndinazindikira kuti ndimadziwa kulankhula za Mulungu pagulu, koma tikatsala awiriwiri ndinkasowa chonena, ngati mlendo amene amusiya pabalaza ndi apongozi ake.

Ndinatenga Buku Lopatulika la malemu mayi anga, lachikuto chong'ambika. Kumasulira kwake ndi kwa 1922, ndipo Chinyanja chake n'chakale moti sungathamange nacho. Buku Loyera la 1998 ndi losavuta kumva ndipo ndi lomwe ndinkakonda polalikira, koma nthawi imeneyi ndinkafunika chondichedwetsa. Ndinayamba ndi Marko.

Chaputala choyamba chomwecho chinandigwira. Ku Kapernao, dzuwa litalowa, mudzi wonse unasonkhana pakhomo ndi odwala awo ndipo Yesu anachiritsa ambiri. Pa vesi 35 tikumupeza atadzuka kusanache, wapita kwayekha kukapemphera, mpaka Simoni ndi anzake kuchita kumusakasaka. Vesi imeneyi ndinali nditailalikirapo kangapo. Chomwe sindinaonepo n'chakuti anachoka anthu akumufunabe. Mzere unali usanathe. Ine ndinkadikira kuti makope athe kaye, komiti ithe kaye, ndiye ndipemphere. Aphunzitsi anzanga, makope anayamba atha?

Nkhani ya Marita ndi Mariya pa Luka 10 nayo ndinalimbana nayo. Ndivomere, mpaka lero ndimamumvera chisoni Marita. Alendo afika, wina ayenera kusonkha moto. Ife aphunzitsi tonse ndife a Marita. Koma nditawerenga mofatsa ndinaona kuti vuto silinali kuphikako. Ntchito inamudzaza nkhawa mpaka anayamba kudandaula za m'bale wake, ndi kudzudzula mlendo yemwe ankamuphikirayo. Ndinadziona ndekha, ndikukalipira ana anga m'dzina la utumiki.

Ndinayamba kudzuka hafu pasiti folo, n'kukhala pakhonde. Chaputala chimodzi, popanda cholembera. Ndinadziikira lamulo loti zomwe ndawerenga m'mawa sindizilalikira sabata imeneyo, chifukwa mtima wa uphunzitsi umasandutsa chilichonse kukhala phunziro la ena. Masiku ambiri sindinkamva chilichonse. Masiku ena ndinkangomuuza Mulungu kuti ndine wotopa komanso ndili ndi mantha, mawu omwe sindikanawanena pa asembule.

Malipiro sanakwere, ngongole sinasungunuke. Koma m'mawa wina mwana wanga wamng'ono anatuluka atafunda chitenje cha mayi ake, n'kukhala pafupi nane osanena kanthu. Sanathawe. Ndinalephera kupitiriza kuwerenga.

A Fomu 4 atabwerera mu Seputembala chaka chomwecho, ndinatula pansi udindo m'komiti imodzi. Ena sanasangalale nazo. Musaganize kuti ndafikapo: nyengo ya mayeso ikafika ndimaphonya masiku, nthawi zina sabata yathunthu, ndipo akazi anga amadziwa ndisanawauze.

Inu ana anga akale amene ndinakukalipirani mopitirira muyeso zaka zimenezo, makamaka mnyamata uja ndinamuchititsa manyazi pamaso pa kalasi chifukwa chosinza pa mapemphero, ndikhululukireni. Ndinamva pambuyo pake kuti ankayenda mtunda wautali wopanda kanthu m'mimba. Ngati ukuwerenga izi, undipeze, tidzamwe tiyi pakhonde pomwe paja.