Mwana pa kaliyala si thumba la chimanga

Kwathu kuno kwa Nthache, m'boma la Mwanza, njinga yakapalasa ndiyo galimoto ya banja. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, ambirife timakweza ana n'kulowera pa boma kukagula zosowa, kukaona abale komanso kuti anawo akaoneko zina. Ndi ulendo wokoma, koma umatifikitsa mumsewu wa M6, wochokera pa Zalewa kukafika pa chipata cha Mwanza, momwe mumadutsa mathiraki opita ku Tete, Zimbabwe ndi ku Joni.

Ine ndili ndi ana awiri aang'ono. Ndisananyamuke nawo ndimayamba ndaona pomwe mapazi awo aponde, chifukwa ngozi yoyamba ya mwana panjinga imabisala m'masipoko. Mwana akatopa kapena akayamba kusinza, miyendo imalendewera, chidendene n'kulowa m'gudumu lakumbuyo. Anzathu a kabaza adaliona kale vutoli, n'chifukwa chake njinga zawo zili ndi zopondapo, khushoni ndi chogwirira kuseri kwa chishalo. Inenso ndidaotcheretsa zomwezo, n'kutchinga masipoko ndi zidutswa za chigubu mbali zonse ziwiri. Mwana amakwera atavala nsapato, ndipo m'njira ndimamuyankhulitsa kuti asagone.

Lamulo lathu ndi lakuti njinga imodzi, mwana mmodzi. Wamkulu amakwera ndi ine, wamng'ono ndi mayi ake, omwe amakwinyira chitenje bwinobwino kuti chisakodwe mu tcheni. Mabuleki ndimawayesa tili pakhomo pomwe, poti dera lathuli ndi lazitunda, ndipo njinga yolemedwa siima msanga pamtsetse.

Tikafika patala timayenda kumanzere, motsogozana, osati moyandikana. Thiraki ikamveka kumbuyo, timapatuka n'kuima. Ena amatiseka kuti ndife amantha, koma mphepo ya galimoto yaitali imakoka njinga, ndipo dalaivala ali pamwamba paja saona bwino munthu amene ali m'mbali mwa ngolo yake. Pooloka msewu timatsika tonse, mwana kumugwira dzanja, njinga kuikankha. Nyengo ya manachesi timasamala koposa, chifukwa magalimoto amaima mwadzidzidzi pomwe pali ogulitsa, zitseko n'kutseguka mosayembekezereka.

Pobwerera sitidikira kuti dzuwa lipendeke kwambiri. Njinga zambiri kuno zilibe nyali kapena zonyezimira, ndipo chisisira chikagwa woyendetsa galimoto amakuona atakufika kale.

Zonsezi zimachedwetsa ulendo, inde. Koma makolo anzanga, thumba la chimanga likagwa timatola n'kumanganso. Mwana akaphwanyika chidendene amatha masabata asakupita kusukulu, ndipo akagwera pansi pa thiraki palibe chotola. Tiyeni tiwononge kandalama kochepa kwa ootcherera, tinyamuke nthawi yabwino, ana afike kunyumba akuseka ndi manachesi m'manja.