Njoka Ikamakwera Ndege

Ntchito yanga ndi yolongedza njoka zamoyo m'mabokosi kuti zipite kwa amene azigula. Ndimagwira kwa mkulu wina woweta njoka kuno ku Indiana, m'dziko la America. Zambiri zimene timatumiza ndi zamitundu iwiri: ball python, kansato kakang'ono kochokera ku Ghana, Togo ndi Benin, kamene kakachita mantha kamadzikulunga n'kubisa mutu pakati, ndi corn snake ya konkuno, yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa dzikoli. Zonsezi zilibe ululu. Abale kumudzi akamva amangogwira pakamwa, poti kwathu njoka ikangooneka pabwalo aliyense amathamangira chibonga. Kuno amaiweta m'nyumba n'kuipatsa dzina, ndipo ikakhala ya mawanga osowa mtengo wake umaposa lendi ya mwezi.

Ambiri amayesa kuti chovuta pantchitoyi ndi kulumidwa. Ayi ndithu. Kulumidwa ndi kanjoka kotere n'kungokandika chabe. Chimene chimandisowetsa tulo ndi kutentha kwa m'kati mwa bokosi. Njoka ilibe moto wake m'thupi. Imatentha kapena kuzizira motsata pamene ili. M'khola mwake ikamva kutentha imasunthira kozizira, ikazizidwa n'kubwerera kofunda. M'bokosi ilibe kothawira, ndiye zimene ndaikamo ine ndi zomwezo mpaka mawa.

Kulongedza kumayamba kudakali sabata. Njoka imene yagulidwa timasiya kuipatsa chakudya masiku 5 mpaka 7, koma madzi osaimana. Yomwe yangomeza khoswe ikagwedezeka paulendo imasanza, ndipo kusanza kumaifooketsa kwambiri, makamaka ikakhala yaing'ono. Ndimayang'ananso maso. Akachita mbuu, ndiye kuti yatsala pang'ono kufundula, ndipo ine ndimakonda kuidikira ithane nazo kaye.

Kenako ndi zanyengo, ndipo apa ndi pamene timakangana ndi makasitomala. Positi ofesi ya boma, USPS, siilola njoka ngakhale pang'ono. Ife timatumiza pa FedEx, pa ulendo wa usiku umodzi wotchedwa Priority Overnight, ndipo nawonso salandira kwa aliyense: umafunika kuvomerezedwa, n'chifukwa chake oweta ang'onoang'ono ambiri amadzera ku kampani ngati Ship Your Reptiles. Zaululu ndiye sizikwera n'komwe. Bokosi silipita molunjika. Limayamba latsikira pamalo osankhulira katundu, ku Memphis kapena ku Indianapolis, pakati pa usiku. Choncho ndimaona nyengo ya malo atatu: kuno, kosankhulirako, ndi kumene likupita. Lamulo lathu ndi lakuti masana kukamazizira kufika pansi pa madigiri 3 sititumiza. Kuyambira pamenepo mpaka 20 timaikamo chofunditsa. Kuyambira 21 kupita m'mwamba chofunditsa ayi. Kukapitirira 33, kasitomala akatenge yekha ku ofesi ya FedEx, ndipo kukafika 38 nkhani yatha, adikire. Timatumiza Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu basi, kuti chipale chofewa kapena mphepo yamkuntho ikachedwetsa ndege, pakhalebe masiku antchito oti bokosi lifike Loweruka ndi Lamlungu zisanalipeze m'nyumba yosungira katundu.

Tiana tongobadwa kumene timatiika m'tikontena tapulasitiki tokhala ndi tizibowo m'mbali, pansi titayala pepala lofewa, chivundikiro n'kuchimata ndi tepi. Zibowozo timaboola kuchokera m'kati kupita kunja, kuti zosongoka zisakande mphuno ya njoka. Zikuluzikulu zimalowa m'thumba lansalu. Thumbalo ndimalitembenuza kaye kuti msoko ukhale kunja, chifukwa ulusi umodzi wolendewera ukhoza kukola khosi kapena mchira. Ndimapisa dzanja n'kukankha ngodya zonse ndi chala. Njoka ikapeza pofooka imakankha ndi mphuno usiku wonse mpaka itaboola. Pomanga, ndimaonetsetsa kuti ili pansi pa thumba, ndimapotokola kukamwa kwake, kupinda, n'kumanga ndi zip tie. Mchira ukhoza kutsalira pamfundo munthu osadziwa, ndiye ndimafufuza ndi zala ndisanakoke.

Bokosi lake ndi katoni yolimba, yatsopano, yoyalidwa styrofoam wochindikala pafupifupi masentimita 2 mbali zonse zisanu ndi imodzi. Katoni yotolera kusitolo, yomwe inanyowapo kale, si yoikamo chamoyo. Pansi ndimaika nyuzipepala zofwanyafwanya, thumba pakati, nyuzipepala zinanso m'mbali ndi pamwamba, moti ndikagwedeza bokosi musamveke kanthu kakugubuduka. Pamalemba kunja kuti mbali iyi ikhale kumwamba, koma makina osankhula katundu sawerenga zimenezo. Ndimalongedza ndikudziwa kuti bokosi ligwa, litembenuzika, ndipo lina lolemera lidzakhala pamwamba pake.

Tsopano chofunditsa chija, chomwe pantchito timangoti heat pack. Ndi kathumba kokhala ndi ufa wachitsulo. Ukakumana ndi mpweya umachita dzimbiri mofulumira, ndipo dzimbirilo ndi limene limatulutsa kutentha. Ife timagwiritsa ntchito ka maola 40, kamene kamatentha pang'onopang'ono. Pali tina tooneka chimodzimodzi togulitsidwa m'masitolo kuti anthu azifunditsa manja m'nyengo yozizira. Timeneto n'toopsa: timatentha kwambiri mwakanthawi kochepa, kenako n'kuzima bokosi lidakali panjira. Njoka zambiri zimene zimafera m'bokosi zimafa ndi chifundo cha wolongedza. Waona kunja kukuzizira, wamva chisoni, waikamo ma heat pack awiri m'kabokosi kakang'ono, mwinanso wakhazika thumba pamwamba pake penipeni kuti imve bwino. Njoka yozizidwa pang'ono imangofooka, ikafunda n'kutsitsimuka. Yotenthedwa kawirikawiri sibwerera, ndipo ikapulumuka, nthawi zina ubongo umakhala utawonongeka, mutu n'kumangozungulira.

Ndiye ndimatsegula heat pack patatsala theka la ola kapena kuposerapo kuti nditseke bokosi, kuikutumula, n'kuikulunga m'nyuzipepala kuti ndione ngati yayambadi kufunda, poti zina zimakhala zakufa kale. Ikafunda ndimaimata kunsi kwa chivundikiro cha styrofoam, mbali ya mzere wofiira itayang'ana m'kati mwa bokosi. Mbali imeneyo ndiyo yopumira. Ukaiphimba ndi tepi, imazima. Pakati pa iyo ndi thumba pamakhala nyuzipepala zokwanira kuti zisakhudzane. Ndipo popeza chitsulocho chikudya mpweya womwewo umene njoka ikupuma, ndimaboola tizibowo tingapo m'mbali mwa bokosi, kudutsa katoni ndi styrofoam yemwe. Tingapo basi, chifukwa tikachuluka kufunda konse kumathawira pomwepo. Nyengo ikakhala yosadziwika mutu wake, kuno kozizira koma kumene likupita kofunda, timaikamo paketi yotchedwa Phase 22, imene imayesetsa kusunga bokosi pafupi ndi madigiri 22.

Zolemba kunja si zokongoletsa. Lamulo la Lacey Act, lomwe linayamba mu 1900, limafuna kuti nyama zakutchire zikamadutsa malire a zigawo za dzikoli, phukusi lake lionetse wotumiza, wolandira, mtundu wa nyama ndi chiwerengero chake. Ndimalemba dzina lodziwika ndi la sayansi lomwe, Python regius kapena Pantherophis guttatus, ndi kuti si zaululu. Ndimaonanso malamulo a kumene ikupita, pakuti ku Hawaii kuweta njoka n'koletsedwa. Kutumiza kunja kwa dziko ndi ntchito ina: nsato zonse zili pansi pa pangano la CITES, zimafuna ziphaso, ndipo bokosi lake limatsata malamulo a IATA onyamulira nyama pandege. Zimenezo timazisiyira amene ali ndi chilolezo chake.

Bokosi ndimakalisiya ku FedEx madzulo kwenikweni, nthawi yotseka itayandikira, kuti maola a njoka m'katimo achepe. Ndimachonderera kasitomala aliyense kuti akatenge yekha ku ofesi m'mawa m'malo moti limupeze pakhomo. Gawo loipitsitsa paulendo wonse si ndege, koma galimoto yogawa katundu, imene kumbuyo kwake kumatentha kapena kuzizira monga kunja, kenako khonde pamene bokosi lingakhale padzuwa mwini wake ali kuntchito.

Ikafika, wolandira atsegule nthawi yomweyo, ajambule, atiuze. Ikakhala yozizira ndi yofooka asaiike m'madzi otentha kapena pafupi ndi hita. Aisiye ifunde pang'onopang'ono m'chipinda. Aipatse madzi ndi pobisala, asaigwiregwire, chakudya adikire sabata, ndipo ikhale payokha kutali ndi njoka zina zimene ali nazo kale kwa miyezi ingapo.

Mu January ndi February kuno zimatheka njoka yolipiridwa kale kukhala nafe milungu itatu kapena inayi, foni ikungolira. Ena amaopseza kuti tibweze ndalama, ndipo timabweza. Inu amene mukufuna kugula njoka yobwera pandege, wogulitsa akakuuzani kuti sabata ino ayi, mudikireni. Amene akuvomera kutumiza tsiku lililonse, ngakhale Lachisanu kukugwa chipale chofewa, musamugule.