Zala Ziwiri pa Dzanja la Wodwala

Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitale monga Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles. Anyamata a masiku aja lero ndi nkhalamba, ndipo ife oyendera odwala timapeza pa thebulo pao timapaketi ta atenolol, propranolol kapena carvedilol. Madokotala amawachula mankhwalawa kuti ma beta-blocker. Propranolol anaitulukira James Black wa ku Scotland, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1988. Nchito ya mankhwalawa ndi kufatsitsa mtima, kuti uzigunda mosathamanga, BP nayo itsike.

Namwino wa ku cipatala amaona wodwala kwa mphindi zowerengeka. Masiku ena onse namwino ndi mkazi wake, mwana, ngakhale mdzukulu. Tsono tiyeni tiphunzire zimene anamwino amacita. M'mawa, wodwala asanamwe piritsi, tiike zala ziwiri pa dzanja lake, kunsi kwa cala cacikulu, ndi kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu. Kukacepera 50, kapena wodwala akamalefuka ndi kufuna kukomoka, piritsi la m'mawawo lidikire, timtengere ku Kafue General Hospital tsiku lomwelo. Podzuka ayambe wakhala pa bedi, popeza cizungulire cimagwetsa. Mapazi kuzizira m'mwezi wa June kusatiopse. Koma wa cifuwa ca asima auze dokotala asanayambe kumwa, pakuti propranolol imafinya njira za mpweya. Wa matenda a shuga acenjere koposa: shuga akatsika, mtima wake suthamanga kumcenjeza monga kale; cizindikilo cotsala kawirikawiri ndi thukuta. Ameneyu asasale cakudya, ngakhale pa Lacisanu Loyera. Mpingo sulamula odwala kutero.

Cimene cimatidetsa nkhawa kwambiri, abale, ndi kuleka mwadzidzidzi. Wina mapiritsi amthera pakati pa mwezi, wina wayamba kupeza bwino, wina wapemphereredwa nauzidwa kuti awataye. Uphungu wotsirizawu ngwoipa, ngakhale ucokere pakamwa pa munthu wopemphera. Mtima umene wazolowera cingwe ukamasulidwa tsiku limodzi umathamanga koposa poyamba, pa cifuwa pamayamba kuwawa, ndipo amene mitsempha ya mtima wake njopanikizika angathe kufa kumene. Ngati mankhwala ayenera kulekedwa, dokotala ndiye amacepetsa pang'onopang'ono, kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

N'cifukwa cake pocezera wodwala tisamangofunsa kuti wagona bwanji. Titsegule paketi, tiwerenge mapiritsi otsala. Akatsala 7, tipeze womperekeza ku cipatala sabata yomweyo.