ZIMENE KAFUE AKUBISA M'MATOPE AKE

Munthu akaima pa ulalo wa Kafue, kumwera kwa Lusaka, amaona mtsinje wofatsa wooneka ngati ulibe mlandu. Ine ndinatsikira kudooko m'mamawa, ndipo nkhalamba ina yopha nsomba inalola kunditenga m'bwato lake.

Titafika pamene mtsinje wakhota, mkuluyo anandionetsa magombe awiri. Kunja kwa khonde madzi amathamanga nagumula dothi. Mkati mwa khonde amayenda mwaulesi natula katundu wao. Anapisa nkhafi m'thope la m'bango naitukula. M'thopelo munali tizidutswa tofiira ndi tobiriwira, tocepa ngati njere za mawere.

"Taonani mwanawe," anatero, "kale kuno tinali kuvuula nkhono zokha."

Tizidutswa totere, tosafika mamilimita 5, ndi zinyenyeswa za mapulasitiki. Matumba, mabotolo ndi maukonde otaika amaphwanyika ndi dzuwa koma saola. Ulusi wa zovala za nailoni umalowa m'madzi pocapa. Zina zimacokera kutali, pakuti Kafue amadzera ku Copperbelt asanafike kuno.

Kumene zinyenyeswazi zimagona, amalamula ndi maonekedwe a mtsinje. Kuyambira pa damu la Itezhi-Tezhi, lomwe linatha kumangidwa mu 1977, madzi amayenda pang'onopang'ono m'cigwa ca Kafue Flats, motambalala ngati mphasa. Bango ndi udzu zimasefa madzi, ndere zimamera pa tizidutswato, ndipo tikalemera timamira pamodzi ndi thope losalala. Kumunsi, damu la Kafue Gorge nalonso limaimitsa madzi, zonyamulidwa nizikhazikika pansi. Pamiyala pamene madzi amathamanga, zocepa zokha ndizo zimatsala.

Dzinja likafika nkhani imasintha. Akatswiri a ku Manchester, ku England, analengeza mu 2018 kuti cigumula cinakokolola pafupifupi magawo 70 mwa 100 a zinyenyeswa zomwe zinali pansi pa mitsinje ya kumeneko. Tero madzi osefukira satha vutoli. Amangolisamutsa, kulitula m'madambo modyera ng'ombe kapena kulipereka kwa anansi a kumunsi, ku Zambezi.

Comvetsa cisoni ncakuti malo odikha amenewa ndiwo amene nsomba zimaswerana ndi kufunamo cakudya. Ndiponso mumtsinje womwewu ndimo mucokera gawo lalikulu la madzi amene anthu a mu Lusaka amamwa.

Mu 2018 Boma linaletsa matumba a pulasitiki opyapyala osakwana mamaikironi 30. Koma lamulo silingavuule zimene zinamira kale.

Pobwerera kudooko, mkulu uja anatola botolo loyandama naliponya m'bwato, pambali pa nsomba zake zitatu. Sananene kanthu, nanenso ndinakhala cete. Ndinali kukumbukira thumba limene ndinataya pa zenera la basi dzulo lake.